Sabata yomwe kompyuta ya a Fakiri inasiya kuyankhula

Lolemba, 21 Okutobala

Dyton, bwana wanga wa ku Lilongwe, waimba m'mawa. Akuti masukulu onse amene timawasamalira makompyuta atumize mayina a ana olemba mayeso a Sitandade 8 pa fomu ya pa intaneti pofika Lachisanu, 12 koloko masana. Kwina konse zatheka. Kwatsala kalasi ya ana osaona ya a Fakiri, kuno ku boma.

Kompyuta yawo ndi nkhalamba yeniyeni. Bulawuza yake, pulogalamu yotsegulira intaneti, eni ake anaitaya kalekale. Ukatsegula fomu imangolemba kuti pulogalamu yanu ndi yakale, pezani ina. Ndati ndiike yatsopano, mphindi khumi zokha. Akana. "Mwananga, iyi ndiyo imamvana ndi a Grey. Usaikhudze."

A Grey ndi mawu a m'kompyuta amene amawawerengera zonse za pa sikirini, poti a Fakiri nawonso saona. Anawatcha dzina la hedimasitala wawo wakale amene ankayankhulira m'mphuno. Akhala limodzi zaka khumi ndi chimodzi.

Ana ndi atatu. Mayina akapanda kufika, palibe mayeso chaka chino.

Lachiwiri, 22 Okutobala

Ndapita ndi laputopu yanga. Ndati aphunzitsi, nditchulireni mayinawo ndilembe ine, nkhani ithe. Ati ayi. Ndinapsa mtima, sindibisa. Munthu wapalasa njinga dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, n'kumakanidwa ngati wabwera kudzapempha mchere.

Kenako andiuza za Usman. Chaka china mayina analemba ndi kalaliki woona bwinobwino, n'kuiwala kuchonga kuti mwanayo akufunika mapepala a timadontho, owerenga ndi zala. Tsiku la mayeso Usman anapatsidwa pepala wamba. Anakhala m'chipindamo akulisisita, losalala mbali zonse. Sanabwererenso kusukulu, pano ali ku Ngala kwa amalume ake. Kuyambira pamenepo a Fakiri amalemba okha, kuwerenga mabatani ndi zala, kumva liwu lililonse kwa a Grey.

"Chaka chino ndili ndi Madina wa ku Bua," atero. "Mwana ameneyu akapita ku sekondale. Chimene sindinachimve ndi makutu anga sindituma."

Ndamufotokozera Dyton. Wangoseka. "Asha, ukunyengerera chiyani? Akapita ku swala ku mzikiti ika yatsopanoyo. Mawa adzakuthokoza okha."

Lachitatu, 23 Okutobala

Ndachita. Mulungu andikhululukire.

Atangotuluka kupita ku mzikiti masana ndinaika bulawuza yatsopano. Yakale ndinaichotseratu kuti asabwerereko, osasunga ndi kope lomwe. Ine amene ndimalalikira aphunzitsi tsiku ndi tsiku kuti sungani kope! Fomu inatseguka bwinobwino, mpaka ndinadziombera m'manja. Ndiye ndinavala mahedifoni. Zii. A Grey ndi akale kwambiri, yatsopanoyi saidziwa n'komwe.

Ndinayesa kubweza, thukuta kamukamu, zosatheka. Ndinamva ndodo yawo pakhonde ndikadali pampando wawo.

Anakhala pansi, kuvala mahedifoni, kudina. Kudinanso. Anagwira waya kuona ngati wazuka. Kenako manja anawaika pamaondo.

"Asha, wachita chiyani?"

Sanayambe anditchulapo dzina, nthawi zonse ndi mwananga. Ndinaulula zonse. Sanakalipe, bola akanakalipa. Anangoti, "Unadikira kuti ndipite kukaswali." Basi. Anatenga ndodo n'kupita kwa ana awo.

Lachinayi, 24 Okutobala

Tsiku lonse kusaka mawu atsopano oti agwirizane ndi bulawuza yatsopano. Alipo aulere, koma netiweki ikukwawa. Kukopera kwafika pa 80 peresenti, magetsi phethi. Ndayambiranso 3 koloko, yaduka pa 35.

Dyton akuti ndingotenga mayina kwa a hedi a sukuluyo ndilembe mwakachetechete. Ndamudulira foni. Ndiwabere kachiwiri?

A Fakiri ayankha moni wanga, china ayi.

Lachisanu, 25 Okutobala

Ndinafika 7 koloko, magetsi kulibe. Anayaka 10 itadutsa. Zoti ndikoperenso mawu aja nthawi inali itatha.

A Fakiri analowa atavala kale mkanjo woyera wa Ijuma, swala ya Lachisanu. Ndinati, "Aphunzitsi, ndinalakwa. A Grey sindingawabweze lero. Koma pakamwa ndili napo. Inu dinani, ine ndiziwerenga."

Anakhala pampando wawo.

"Manja ako akhale kumbuyo," anatero. "Uwerenge chilichonse. Ngakhale chooneka chopanda ntchito. Usasankhe."

Tinayamba 11 koloko. Iwo kudina, ine kutchula. Dzina la sukulu. Nambala ya sukulu. Dzina la mwana. Ndikathamanga amati bwereza. Ndikati apa palibe kanthu amati a Grey sankanena kuti palibe kanthu, ankanena chimene chilipo. Maso anga ali pa wotchi ya pakona.

Titamaliza Madina ndinati, "Zatha, dinani potumiza."

Sanadine. "Malo a timadontho sindinawamve."

Ndinayang'ana. Panalibe. Ndinati mwina pa fomu yatsopanoyi anachotsa. Ati sangachotse, werenganso kuyambira pamwamba. 11:32. Ndinawerenganso. Pansi penipeni panali timawu totuwa, tating'ono ngati nyerere: zina zofunika. Ndinali nditatidumpha, ndimayesa n'zokongoletsa chabe. Anadina mpaka kufika pomwepo. Panatseguka mndandanda, ndipo pa dzina la Madina panali patachongedwa kale: pepala wamba.

Ndikanalemba ndekha Lachiwiri lija, kapena dzulo monga ankafunira Dyton, ndikanatumiza choncho, n'kupita kunyumba ndikuimba nyimbo.

Anasintha okha. Anati ndiwerenge. "Mapepala a timadontho." Bwereza. Ndinabwereza katatu. Enawo awiri chimodzimodzi, onse anali pa pepala wamba. Tinatumiza 11:51. Uthenga woti zalandiridwa ndinawawerengera wonse, mpaka nambala yake, iwo akuiboola pa pepala lawo ndi kachitsulo kolembera timadontho.

Anaimirira n'kukonza kofia. "Mawu ako ndi abwino kuposa a Grey," anatero, "koma umadumpha." N'kupita ku mzikiti. Ine ndinatsala ndikulira ngati mwana.

Loweruka, 26 Okutobala

Ndagona mpaka 9. Dyton watumiza uthenga woti ndachita bwino. Sindinayankhe.

Lolemba, 28 Okutobala

Mawu atsopano atheka, ndakopera ku ofesi ya a zaumoyo kumene netiweki ili bwino. Ndisanaike ndapempha kaye, ndipo akhala pambali panga mpaka kumaliza. Ndi mawu achizimayi, othamanga. Amvetsera pang'ono n'kukwinya nkhope. Akuti mabatani onse asokonekera, zimene zala zinaloweza zaka khumi ndi chimodzi zapita. A Grey sabweranso, ndawauza mosabisa.

"Ndiye tiphunzira tonse," atero. "Masukulu ena ukawathandiza bwanji usakudziwa?"

Apapasa kutsogolo kwa kompyuta mpaka kupeza batani la sikirini, n'kuzimitsa. Mdima bii. Avula mahedifoni n'kundipatsa.

"Khala apa, mwananga. Tsegula fomu ija, undipezere Madina."

Ndadina kasanu ndi kawiri n'kusochera. Ati yambiranso.