Holudi wa Tanjila

Bogura,
16 Januwale 2025

Okondedwa Achimwene Anisur,

Ine amene ndasaina pansipa, Mahfuza Khatun, mwini madigiri awiri a kemisitiri ndiponso mlongo wanu yekhayo, ndikupereka dandaulo pa katundu amene mwatumiza kuchokera ku Salalah. Bambo wanzeru akamakwatitsa mwana amatumiza zibangiri, nsalu, ngakhale zipatso za kanjedza. Inu mwatumiza kalilole wa magetsi wokulitsa nkhope kakhumi. Kakhumi, achimwene. Ndani m'banja lathu anapemphapo kuona mphuno yake ngati bwalo la mpira? Ndamukulunga m'chinsalu, ali kuseri kwa kabati, ndipo satulukako mpaka mlandu uno utaweruzidwa.

Tsopano ndinene chenicheni, poti pa foni lilime limandilemera.

Zithunzi za Tanjila zimene ndakhala ndikukutumizirani ndi zakale. Mukukumbukira kuti mlamu atamwalira munandisiyira mwana wanuyu ali ndi zidzolo zoyabwa zija m'zigongono ndi m'masaya. Ndinapita ku famase ya pakona, anandigulitsa chubu cha kirimu popanda kalata ya dokotala. Masiku awiri okha khungu linasalala. Zikabwerera ndinkagula china. Kenaka anthu anayamba kunena kuti mwanayo wayera, ine n'kumamwetulira ngati ndamuumba ndine. Ndinayamba kumupaka nkhope yonse, ngakhale pasanayabwe. Zaka zisanu ndi zinayi. Kapepala ka m'bokosi kankati osapitirira milungu iwiri. Ndinakawerenga mu Epulo chaka chathachi.

Dokotala wa khungu ku Dhaka, mtsikana woti ndikanatha kumuphunzitsa m'kalasi mwanga, anati kirimuyo ali ndi sitiroidi yamphamvu, khungu linazolowera, tiyenera kusiya. Titasiya, nkhope inafiira ngati yathiridwa madzi otentha, inatupa, inayamba kuchucha ndi kusupuka. M'mawa uliwonse ndimakutumula tizikungu pa pilo pake. Iye sanandinenepo kanthu. Bola akanandigenda ndi mbale.

Kuyambira Ogasiti timakwera basi kawiri pa mwezi kupita ku Dhaka. Ali ndi makina a pulazima yozizira, kachida konga cholembera, kowala mtundu wa biringanya, kamene amakayendetsa pamwamba pa khungu koma sikawotcha. Zaka makumi awiri ndakhala ndikulemba pa bolodi kuti pulazima ndi mpweya wodzazidwa magetsi, ndiye ndinayamba kumufotokozera dokotalayo. Anati, "Aphunzitsi, khalani pampando." Ndinakhala. Salonjeza kanthu: akuti ena zimawathandiza, ena ayi, ndipo ntchito yaikulu imagwira ndi nthawi. Koma zilonda za m'masaya zauma. Lamulo lake n'limodzi: pankhope pasapakidwe china chilichonse.

Ndiye dzana kunali mwambo wa holudi. Mukuudziwa: azimayi makumi anayi, aliyense chala m'mbale ya phala lachikasu lothira mafuta a mpiru, onse kulunjika nkhope ya mkwatibwi. Mkwati amadziwa zonse, koma amayi ake, a Hosne Ara, ndinali nditawanamiza kuti nkhope yafiira chifukwa mwana sayanjana ndi nkhanu.

A Hosne Ara ndiwo anayamba kuviika chala. Tanjila anandikoka nsalu n'kundinong'oneza, "Azakhali, asiyeni apake. Ndipirira. Musadzichititse manyazi."

Mwamva, achimwene? Mwana amene ndamuwonongera nkhope, kuteteza yanga.

Ndinakwera pansanja ya mkwatibwi, ndinakhala pambali pake, n'kupereka tsaya. Ndinati, "Apa, mayi. Pakani apa."

A Hosne Ara anati, "Iii, aphunzitsi, mwamupeza mwamuna pomaliza? Bwanji osanena, nsomba ya mwambo imene timabweretsera mkwatibwi tikanabwera nazo ziwiri."

Anthu anaseka. Ine ndinati, "Si nkhanu. Ndine." Ndinaulula zonse, chubu, zaka, kapepala, pamaso pa akuchimuna, pa wojambula, ndi pa atsikana atatu amene ndinawalepheretsapo mayeso.

A Hosne Ara anamuyang'ana Tanjila nthawi yaitali, chala chikudontha.

"Chubu chobiriwira chija, cha mizere yoyera?"

"Chomwecho."

"Chili m'chikwama changa," anatero motsitsa mawu. Kenaka anandipaka patsaya mwamphamvu ngati akumata khoma. "Inu madigiri awiri, ine sitandade faifi, uchitsiru umodzimodzi. Sunthani, mukumutchinga mpongozi wanga."

A Hosne Ara anangomukhudza Tanjila pa chikhadabo. Otsalawo anatsanzira: iye pa chikhadabo, ine kumaso, m'makutu, m'khosi. Azakhali a mkwati anabwereza kawiri, akuti koyamba sanamve kukoma. Pomaliza Tanjila anaviika chala chake n'kundipaka pamphumi. Sindidziwa ngati kunali kukhululuka kapena kubwezera, koma dzanja linali lofewa.

Pochoka, azimayi khumi ndi mmodzi anandifunsira kuseri dzina la dokotala. Ndawauza kuti asasiye paokha, akaonane naye kaye. Aka n'koyamba kuti anthu amvetsere phunziro langa mpaka kumapeto.

Ndasamba kasanu, sizikuchoka. Lero ndaphunzitsa ndili ngati dzungu.

Mukufika Lachitatu, ukwati Lachisanu. Pempho langa ndi ili: mukamuona, nkhope yanu isasinthe. Akadali wofiira, ndipo sadzola kalikonse pa tsiku lake. Wakhala akuyeserera kumwetulira kumene adzakulandireni nako, chifukwa khungu limakoka. Mkwiyo mundisungire ine. Simudzavutika kundipeza pa bwalo la ndege, wachikasu ndine ndekha.

Tanjila akupereka moni, akuti muvale juzi, kuno kukuzizira. Sakudziwa zimene ndalemba.

Potseka dandaulo langa, ndikulamula chipukutamisozi ichi: choyamba, kalilole wina wochepetsa kakhumi, kuti ndizidziona pa msinkhu umene ndili nawo masiku ano. Chachiwiri, zaka zisanu ndi zinayi, zatsopano, zosatsegula, zolembedwa dzina la mwana wanu. Kumeneko masitolo ndi aakulu, mufufuze bwino. A kasitomu a pa bwalo la ndege akazikaniza, ndivomera kuti mudzangolowa m'nyumba mwanga, n'kudya mpunga umene ndidzaphike.

Ndine mlongo wanu wodandaula,
Mahfuza