Phewa la Mkwati ndi Kope Lako Lobiriwira

Mlongo wanga Mlembi,

Ndiye ndinamuyeza kachitatu, tepi n'kumanenabe zomwezo, kuti phewa lamanzere la mkwatiyu ndi lotsika ndi zala ziwiri. Koma taona, ndayambira pakati ngati nyimbo ya woledzera. Uli bwanji kumeneko? Alamu ndi ana ali bwanji? Kuno tilipo, mlamu wako akunenepa, ine ndikungokongolerakongolera.

Nkhani ndi iyi. Kunabwera mkwati ndi nsalu ya suti imene anamugulira apongozi ake. Nsalu ndi yomweyo, ukwati ndi wa kumapeto kwa mwezi uno. Ndinamuuza kuti wafika, telala wotha kusokera jekete ngakhale njoka yopanda mapewa ndi ineyo. Anaseka n'kusiya nsalu.

Atapita ndinatsitsa buku la malemu abambo lija, la kadulidwe ka majekete. Bukulo limangodziwa anthu owongoka ngati mitengo ya magetsi. Za phewa lotsika zinali m'mphepete, mmene abambo ankalemba ndi pensulo akamawerenga: apa chotsa, apa onjezera, apa bisa thonje. Kutsegula tsamba lake, mulibe! Makoswe anadya m'mphepete monse. Makoswe akenso ophunzira, odziwa posankha.

Ukukumbuka abambo ankatikhazika pa benchi pafupi ndi makina, n'kumati wowerenga wopanda pensulo akutunga madzi ndi dengu? Iwe unkakopera zonse, ndi zam'mphepete zomwe, lilime lili panja. Ine ndinkati mutu wanga ndi kope la masamba chikwi, n'kukupatsa dzina la Mlembi. Mutuwo ulipobe, waukulu ndithu, chipewa sichilowa. Koma ndaufunsa za phewa, wangoti duu.

Ndayesera pa nsanza kawiri. Koyamba jekete linakwinyika kumsana ngati nkhope ya munthu womwa mankhwala owawa. Kachiwiri kolala inathawira kukhutu. Nsalu ya mwini wake ndangoipinda, sizasi sinaikhudze. Ndikaiwononga, munthuyu akalowa m'banja ndi manyazi pamaso pa apongozi, ndipo ine msewu uno ndisamukamo.

Choncho ngati kope lako lachikuto chobiriwira lija ulinalo, ndithandize, mwana wa mayi anga. Ukapatsire dalaivala wa basi amene wakupatsa kalatayu. Ndidzakusokera diresi loti anthu azidzagwera m'ngalande pokucheukira.

Nane ndagula kope. Dzulo ndawerenga tsamba limodzi n'kulemba mizere itatu. Mlamu wako anandigwira pamphumi, ati mwina ndadwala.

Undiperekere moni kwa alamu, anawo uwauze kuti amalume awo akadali katswiri. Mulungu akusungeni nonse, akusungirenso kopelo ku chiswe.

Ndine mlongo wako,
Telala wa matelala

Ndisanamate envelopu: za makoswe zija ndanama. Ndinafufuta ndekha chaka chatha. Kasitomala wina wa tayi anatsegula bukulo n'kuseka kalembedwe ka abambo, ati ngati papalasa nkhuku. Ndinachita manyazi, ndinatenga labala, tsamba ndi tsamba mpaka kumapeto. Ndiye mawu a abambo atsala m'kope lakomo basi. Ukaopa kundipatsa, sindikudandaula. Ungondikopera za phewazo, zinazo ndidzabwera kudzalemba ndekha, iwe ukundiyang'anira.