Satifiketi ya Make Khalidi

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo bondo lija lasiya kuvuta. Kuno tili moyo, kungoti kuzizira sikukumva mapemphero athu.

Amayi, Loweruka ndinaimba nthungululu pakati pa Azungu! Kuno ku Woolwich tayandikana ndi gogo wina wa ku Sudan. Kwawonso amaitanira dzina la mwana, ndiye ine ndimangoti Make Khalidi. Atayamba sukulu ya Chingelezi ndinawaseka kuti, "Mayi, ndi imvi zonsezi?" Ndinaziputa dala! Anandikhazika pansi, n'kunditsanulira tiyi, kenaka miyambi ya Chiarabu yokhudza kuphunzira, wina pamwamba pa unzake, mpaka tiyi uja anazizira. Akuti kwawo munthu akadandaula kuti wakalamba sakangana naye, amangomugenda ndi mwambi.

Ndiye Loweruka lomwelo analandira satifiketi. Anayenda ndi ndodo yawo mpaka kutsogolo, n'kuwerenga okha mokweza zonse zolembedwapo. Ana awo anayambitsa nthungululu, ine ndikanatsalira bwanji?

Achemwali andiuza kuti mwasiya sukulu ya kwacha chifukwa anzanu a kumpingo akukusekani. Nditawafotokozera Make Khalidi, ati mukapanda kubwerera akuimbirani foni okha. Ndikuchenjezeni Amayi, tiyi wanu azizira.

Chonde bwererani Lolemba. Yankho la kalatayi musalembetse munthu. Ndikufuna zilembo zanu zenizeni, ngakhale zipendekeke ngati mpanda wathu uja.

Moni kwa onse pakhomo. Ambuye akusungeni pamodzi ndi bondolo.

Ndine mwana wanu,
Tiyanjane