Lamba Amene Sanaduke

Pa shopu, kuseri kwa msika
9 Okutobala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino kutali komwe muliko. Kuno tonse tilipo. Amayi bondo lija layamba kuwalola kufika pampopi, ngakhale pobwerera amapumira kawiri. Alamu ndi ana ali bwino, ndipo wamkulu uja wakhoza masamu, zimene zadabwitsa mtundu wathu wonse. Mudabwa kuti ndalemba papepala chonsecho foni ndili nayo. Pafoni mumayankha munthu asanamalize, pamene nkhani ya leroyi ikufunika muimve mpaka kumchira.

Mukukumbukira zikwama ziwiri zam'mbali zija ndinakusokerani, za panjinga yamoto ya kampani, muja munkagwira ntchito ya magetsi kuno? Ndikukumbutseni kasokedwe kake, popeza tsiku limene ndinkakufotokozerani inu munkangoyang'ana wotchi. Anthu a njinga amagula loko wamkulu ngati chibakera n'kumupachika pachivundikiro cha chikwama, basi mtima m'malo. Koma wakuba lokoyo samupatsa ndi moni womwe. Amangodula lamba wolumikiza zikwamazo, n'kunyamula zonse ziwiri pamodzi ndi loko yemwe, kukatsegulira kwawo akumwa tiyi. N'chifukwa chake ine lamba wanu ndinamusoka ndi zikopa ziwiri, pakati pake n'kugoneka mizere itatu ya waya wa buleki. Lambayo ndinamudutsitsa pansi pa chishalo, ndipo chishalocho sichitseguka popanda kiyi. Wofuna zikwamazo anayenera kukhala ndi kiyi, apo ayi akhale pansi ndi sowo anthu onse akumuona.

Ndiye papita zaka ziwiri chifikireni inu pashopu pano masana, thukuta lili kamukamu, n'kunena pamaso pa makasitomala anga anayi kuti, “Waya wako uja ndi ulusi wosokera mabatani! Adula ngati akudula nthochi!” Munati zikwama zinapita muli m'bwalo la kampani, pamodzi ndi makina oboolera khoma ndi mita yoyezera magetsi. Ndinakupemphani kachidutswa ka lamba kotsalira pansi pa chishalo kuti ndione mmene anadulira. Munati mwakataya mu ngalande chifukwa cha mkwiyo. Sabata yomweyo mlonda wa pakampanipo, mkulu uja aliyense amangomuti a Pageti, anachotsedwa ntchito. Patatha mwezi inu munanyamuka ulendo wanuwu.

Kunena zoona, achimwene, manyazi anandigwira masiku ochepa chabe. Chimene chinakana kundichoka ndi funso: kodi ndi mpeni wanji umenewo? Ndinasoka malamba ena asanu ofanana ndi wanu n'kuyamba kuwayesa. Ndinayamba ndi mpeni wa anyezi wa mlamu wanu, umene mpaka lero sunabwerere m'chimake, ndipo nkhani yake imadzuka nthawi iliyonse tikayambana. Ndinabwereka mpeni wa kubutchala, lezala, ngakhale sizasi ya wokhoma zidebe. Chikopa chinkaduka, koma zikafika pawaya zonse zinkagwada. Sowo yokha ndiyo inadutsa, koma inandidyera nthawi yokwanira kuwiritsa madzi kawiri. Anyamata a njinga anayamba kunditchula kuti a Ulusi. Ine ndinkangoti m'tauni muno muli mmisiri wondiposa, ndipo ndinkalakalaka kumuona, osati kuti ndimugwiritse, koma angondionetsa chida chakecho.

A Pageti masiku ano amamata machubu pansi pa mtengo moyang'anana ndi shopu yanga. Kukakhala kopanda anthu amabwera kudzakhala pabenchi, n'kumakambirana za tsiku lija ngati madokotala awiri amene wodwala anawafera m'manja.

“Mwanawe, ine ndinachokapo kamodzi kokha,” amatero. “Ndinapita kuseri kukataya madzi. Kodi munthu angadule waya nthawi yotayira madzi?”

“Zimatengera madziwo, bambo,” ndimawayankha.

Amaseka. Zaka khumi ndi zinayi anakhala pageti paja osasowetsa ngakhale msomali.

Tsono Lachiwiri lapitali kunabwera kasitomala wachilendo, wotemera ziweto, amene anzake amamuti Dokotala wa Nkhuku. Anaimika njinga, n'kutsitsa zikwama ziwiri zotuwa ndi fumbi, zonunkha mankhwala.

“Amisiri, akuti inu ndi amene mumateteza zikwama kwa akuba. Ena akuti mumatha, ena akuti ayi. Ndabwera chifukwa ndinu otchipa.”

“Mwalankhula ngati m'bale,” ndinatero. “Tiyeni tione.”

Achimwene, munthu sasokonezeka ndi msoko wake. Ine ndimasoka ndi dzanja lamanzere, ndipo misoko yanga imapendekera kumene ya anzanga sipendekera. Ndisanazigwire n'komwe ndinadziwa kuti ndi zanu zija. Ndinatembenuza lamba. Anali wathunthu, kuchokera ku chikwama china kufika ku chinzake, wopanda chigamba, wopanda polumikiza. Pafupi ndi chikwama chakumanja panali mabala atatu a mpeni. Awiri anali ongokanda, koma limodzi linalowa ndithu, munthu wake ataikapo mphamvu zake zonse, mpaka kufika pawaya. Wayayo anangoyera pang'ono pamene mpeni unaterereka.

Pano ndiulule tchimo langa loyamba. Sindinamve chisoni. Ndinaseka mokweza mpaka Dokotala anabwerera m'mbuyo. Zaka ziwiri ndikusakasaka mpeni umene kulibe! Ndinatsala pang'ono kuthamangira panja kukaitana anyamata a njinga kuti abwere adzaone ulusi wawo uja. Chinandikhazika pansi ndi kiyi. Ngati lamba sanaduke, ndiye kuti chishalo chinatsegulidwa. Makiyi a njinga ija anali awiri, wina mu kabati ya abwana a kampani, wina pa lamba wa buluku lanu.

Ndinamuuza Dokotala kuti ulusi wokhuthala wandithera, asiye zikwamazo adzazitenge pa 28. Limenelo ndi tchimo lachiwiri, chifukwa ulusi ndili nawo wokwanira kusoka tenti. Ndinamufunsanso kumene anazigula. Anati kwa mayi wina wogulitsa katundu wakale pafupi ndi depoti ya mabasi, ndipo zinakhalitsa pamenepo chifukwa anthu ankaziona kulemera.

Mawa lake ndinatseka shopu n'kupita. Ndinkafunabe kuti mwina abwana ndi amene anachita, kapena wina anakubererani kiyi muli m'bafa. Mayiyo ndinamupeza atakhala pakati pa mapoto, nsapato ndi mawailesi osalankhula.

“Mayi, zikwama zachikopa za njinga zija munagulitsa kwa wotemera nkhuku, anakubweretserani ndani?”

“Ndinu apolisi?”

“Ndine wosoka.”

“Ndiye bwino, apolisi sagula kanthu. Anali bambo wamtali, wa mpata kumano, chala ichi chopsa kunsonga. Anali ndi tikiti ya basi m'manja. Sindimuiwala chifukwa sanatsutse mtengo ngakhale pang'ono. Munthu wosatsutsa mtengo amakhala kuti wakuba kapena waferedwa.”

“Ananenapo chiyani?”

“Anati ndisagulitse kwa munthu wa m'tauni muno. Ndiye ine ndinati lambayu ngwautali, ndimudula pakati ndigulitse chimodzichimodzi. Iye anaseka, amvekere, ‘Mayi, musavutike, ameneyo saduka. Ndayesa ndekha. Anasoka ndi mng'ono wanga, ndipo m'tauni muno mulibe mmisiri ngati iyeyo.’”

Achimwene, chibadwire changa sindinakumvenipo mukuyamikira ntchito ya manja anga. Ndakamvera kudepoti, pakamwa pa mayi wogulitsa mapoto obooka. Ndinayenda ulendo wonse wobwerera osadziwa ngati ndikwiye kapena ndithokoze, ndipo mpaka pano sindinasankhe.

Tchimo lachitatu ndi lakale. Chaka chatha munatumiza chithunzi muli pamakwerero, mukumwetulira, m'manja muli makina oboolera khoma achikasu, chogwirira chake chokulungidwa ndi tepi wofiira. Tepi ameneyo ndinakulunga ndine, pabenchi pano, mutadandaula kuti chikukutererani. Ndinachiyang'ana chithunzicho nthawi yaitali, kenako ndinadziuza kuti tepi wofiira ali ponseponse. Amayi anachiika pakhoma.

Sindikulemba kuti ndikuweruzeni. Ndikudziwa kuti kumeneko salemba munthu wa magetsi wobwera chimanjamanja, ndiponso ndikudziwa kuti mankhwala a bondo la amayi ndi yunifolomu za ana zikuchokera m'makina omwewo. Tonse tadya nawo. Pali zina zimene ndikungofuna kudziwa, monga mmisiri. Kodi zikwamazo munazichotsera kunja musanalowe pageti, kapena munadikira mkulu uja apite kuseri? Nanga mwezi wonse uja munazisunga kuti, poti kunyumba kwanu alamu amasesa mpaka pansi pa bedi? Ndipo n'chifukwa chiyani simunangoziponya mumtsinje? Funso lomalizali ndikuganiza kuti yankho lake ndalimva kale kudepoti.

Koma pempho langa lenileni ndi ili. Pasukulu ina ya ana aang'ono akufuna mlonda wa masana, ndipo aphunzitsi aakulu awakonda a Pageti. Chimene akufuna ndi kalata yochokera kumene ankagwira kale. A Pageti anapita kukampani kuja kawiri. Abwana anu akale akuti sangalembere kalata munthu amene katundu anasowa ali pageti, ndipo anawonjeza kuti mwina anagawana ndi akubawo. Asukulu adikira mpaka kutha kwa mwezi uno, kenako atenga wina. Mkulu uja maso ayamba kuchita chidima, moti pomata chubu amafufuza bowo ndi mlomo. Ntchito ya machubu sapita nayo patali.

Lembani kwa abwanawo, achimwene. Mawu ake musankhe nokha, inu ndi amene munkakhoza chizungu kusukulu. Munene kuti mlonda analibe mlandu, ndipo za zidazo mugwirizane nawo mmene mungathere. Ali kutali ndi inu, sangakulumeni, ndipo ndikuwadziwa, amakonda kupepesedwa kuposa kubwezeredwa. Za dzina langa musavutike nazo. A Ulusi ndalizolowera, ndipo makasitomala ena amabwera chifukwa cha dzina lomwelo.

Sindinauze munthu aliyense, amayi kapena alamu, ngakhale mkazi wanga, amene akudabwa kuti bwanji ndayamba kuimba nyimbo posoka kenako n'kusiyira pakati. Zikwamazo zili pansi pa tebulo, ndaziphimba ndi chiguduli. Dokotala akadzabwera pa 28 ndidzayenera kumupatsa, ndipo zikadzapita kumidzi kumene amatemera nkhuku, umboni wapita. Ofesi ya abwana ili mphindi khumi kuchokera pano, ndipo zikwamazo sizilemera kwa munthu amene anazisoka. Sindikukuopsezani. Ndikungokuuzani mmene misewu yakhalira. Chibale ndi fupa, sichiola, ndikudziwa. Koma akuluakulu omwewo ananenanso kuti mlandu suola, ndipo sanatiuze kuti ziwirizi zikakumana pabenchi imodzi chimapatuka ndi chiti.

Amayi akupereka moni, akuti muzivala chipewa padzuwa. Alamu akuti foni ya Lamlungu musaiwale. Ana akufunsa ngati mudzabwere ndi mpira. Mlamu wanu akuti moni, ndipo akuti ngati kumeneko kuli mipeni yabwino mumukumbukire.

Pamene ndimamaliza tsamba ili a Pageti anawoloka msewu kudzabwereka guluu, ndipo anandifunsa amene ndikumulembera. Nditawauza anavula chipewa. Akuti ndikupatseni moni wambiri, akuti amakupemphererani kuti ntchito ikuyendereni bwino kumeneko. Akutinso, ndipo andiumiriza kuti ndilembe mmene anenera, muwakhululukire chifukwa chochoka pageti tsiku lija, sanadziwe kuti zikuvutitsani mpaka kusamuka.

Ndawauza kuti ndalemba, ndipo kuti muyankha.

Ine mng'ono wanu,
Wosoka