Masiku Khumi a Gombeza

Lolemba, 14 Okutobala 2024

Aliyense woona Gombeza koyamba amafunsa chinthu chimodzi: amaluma? Zaka zitatu ndakhala ndikuyankha kuti ayi. Lero waluma.

Mai Danai, a nyumba yoyandikana nafe, anabwera kudzabwereka sefa. Galu ali gone pakhonde, iwo anamudzera kumbuyo n'kumugwira ubweya wa m'khosi, ati amve ngati ndi weniweni. Agalu a chow chow maso awo ndi olowa mkati, saona bwino za m'mbali, ndiye dzanja likangotera pamutu amadzidzimuka. Mano awiri pachikhatho. Ndinatsuka balalo ndi sopo pampopi kwa mphindi khumi ndi zisanu, kenako kuchipatala. Jakisoni woyamba abayidwa.

Koma chawaopsa si bala. Anaona lilime. "Maiwe, aphunzitsi, lilime lakuda bii! Chimbwamupengo ichi!" Kwa iwo ndi chiwewe basi. Ndinafotokoza ngati ndili m'kalasi kuti mtundu umenewu lilime limada akadali ana. Sanandimve.

Khadi la katemera ndalipeza m'Baibulo la Chithokozo. Womaliza ndi wa Ogasiti 2022. Mwanayu popita ku ntchito ku UK anandisiyira galu ndi khadi m'manja mwangamu. Woiwala ndine.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Kwabwera bambo wa ku ofesi ya ziweto. Akuti galu atsekeredwe masiku khumi. Akafika pa 24 ali bwino, ndiye kuti poluma paja analibe chiwewe choti n'kupatsira munthu. Akadwala, aphedwa, mutu upite kokapimidwa. Mai Danai asasiye majakisoni.

A Never, amuna awo, anali pampanda. "Masiku khumi a chiyani? Ndipatseni fosholo, ndimalize lero." Amuna anga, bambo a Chitho, anakana m'Chilapalapa chawo cha kumgodi, "Aikona, shamwari." Kenako anakokera Gombeza m'kashedi ka malata kuseri, n'kukhoma loko wamkulu moti msewu wonse uone kuti watsekeredwadi.

Lachitatu, 16 Okutobala

Chitho waimba. "Amayi, ndionetseni mwana wanga." Mwanayo ndi Gombeza. Ndati netiweki ikuvuta.

Lachinayi, 17 Okutobala

Mvano imayenera kuchitikira kwathu lero. Aisamutsira kwa Mai Anotida, ati kuno n'kopanikiza. Chipinda chomwechi chinakwana anthu makumi awiri pa Isitala.

Mai Danai anakhala mbali ina, dzanja lomanga. Ndinamva wina akunong'ona kuti galu wa nkhope ya mkango, wosauwa, wa lilime ngati wadya makala, sasungidwa chabe. Ine ndinangoimba nawo nyimbo.

Gombeza wasiya theka la chakudya. Mwina n'kukwiya. Ndi galu wodzimva, safuna kukokedwa.

Loweruka, 19 Okutobala



Tauni yathu ino ya Zvishavane yatentha lero kuposa masiku onse, magetsi kulibe kuyambira m'mawa. Cha m'ma 1 koloko ndinasuzumira pa kabowo ka chitseko. Gombeza dovu chuchuchu, akupuma ngati pampu. Anayesa kudzuka, miyendo yakumbuyo inakana. A Never anakwera pa njerwa n'kuona zonse pa mpata wa malata. "Mwaona? Dovu ilo! Mkazi wanga akafa, aphunzitsi, mudzaufotokozera mtembo sayansi yanuyo."

Ndinene zoona, popeza buku ili ndi langa ndekha. Ndinakhulupirira. Ndinaima ndi kiyi m'manja ndikuganiza za Mai Danai, za ana awo atatu, za khadi lija. Bambo a Chitho anati, "Dorah, usalowe."

Ndinavala magolovesi awo akale ndi majombo, n'kutsegula. Mpweya umene unandiomba kumaso! Ngati uvuni ya buledi. Madzi a m'mbale anali otentha oti n'kupangira tiyi. Zaka makumi atatu ndaphunzitsa ana za kutentha kwa zitsulo, ndiye n'kutsekera galu wa ubweya wosanjikizana kawiri m'malata mwezi wa Okutobala, pofuna kusangalatsa anthu odutsa mumsewu.

Tinamunyamula awiri pa thumba mpaka kubafa, pasimenti. Madzi a m'mgolo, osati ozizira kwambiri, pamimba, m'khwapa ndi kumapazi. Bambo a Chitho akukupiza ndi chivundikiro cha bokosi. Anabwera ndi lumo kuti timumete, ndinakana. Ubweya wapamwamba umatchinga dzuwa. Wochotsa ndi wam'kati wothothoka uja, ndipo umachoka ndi chipeso.

Ndinaimbira wa ziweto uja. Akuti kungakhale kutentha, kungakhalenso chinacho, pafoni sangadziwe. Asatuluke m'bafamo, asandinyambite, abwera Lolemba. Masiku awerengedwabe mpaka 24.

Lamulungu, 20 Okutobala

Wamwa pang'ono. Sanadye. Kutchalitchi sindinapite.

Lolemba, 21 Okutobala

Wa ziweto anamuyang'ana nthawi yaitali ali pakhomo la bafa. Sananene kuti ali bwino. Anangoti, "Tione Lachinayi."

Mai Danai apita kukabayidwanso. Ndinawapeza pokwerera kombi, ndinapempha kuwaperekeza. Tinakhala mpando umodzi mpaka pa maloboti. Kenako anati, "Sindikugona, aphunzitsi. Ndikamwa madzi ndimamvetsera kukhosi ngati akudutsa." Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze za majakisoni, mmene amagwirira ntchito m'thupi. Ndinatsekanso. Ndinati, "Katemera wa galu uja ndinaiwala ndine. Ndakulakwirani, amayi." Potsika anandigwirira chikwama.

Madzulo ndamuuza Chitho zonse. Analira, kenako anafunsa za dzanja la Mai Danai. Ndinamulera bwino mwanayu.

Lachiwiri, 22 Okutobala

Wadya mpunga ndi chiwindi cha nkhuku, mbale yonse! Bambo a Chitho akusamba m'beseni kuseri kwa nyumba, ati bwana walanda bafa. Ndapesa ubweya wodzaza pepala la shuga. A Never akadali ndi fosholo yawo pampanda, aiimika poti ndiziiona ndikamatsuka mbale.

Lachitatu, 23 Okutobala

Wayetsemula kawiri, mtima wanga unachita kuima. Mawa.

Lachinayi, 24 Okutobala

Wa ziweto wafika 9 koloko. Anati timuyendetse pabwalo. Gombeza anatuluka ndi kayendedwe kake kouma miyendo kaja, mchira uli pamsana, osayang'ana munthu, n'kukamwa madzi mpaka mbale gwa. Bamboyo anasaina pepala, n'kumubaya katemera pomwepo. Tsiku la katemera wotsatira ndalilemba pakhoma la kukhitchini ndi choko.

A Never anawerenga pepalalo kawiri. "Koma lilimelo silinayere," anatero. Fosholo anaitenga.

Masana Mai Danai anabwera atavala kale yunifolomu ya Mvano, sefa yanga ili m'manja. Anandipeza ndikupesa galu pansi pa mtengo wa mapeyala. Anaima patali ndithu.

"Ndiye ubweyawo ndi weniwenidi?"

"Weniweni. Bwerani cha kutsogolo kuno, akuoneni kaye. Musafulumire. Dzanja pansi, anunkhize."

Anabwera, dzanja la bala alibisa kumbuyo. Gombeza ananunkhiza linalo n'kuyang'ana kumbali, monga amachitira ndi anthu amene wawalola. Ndinawapatsa chipeso.

"Tayesani nokha, amayi. Muyambire paphewa."