Bife M'chiwaya cha Amayi Ako

Mwana wanga Luzia,

Ndikhulupirira uli bwino ku Nampula. Kuno ku Mandimba ndikudzuka, bondo lokha ndilo likuvuta.

Bife ija ndinaiyesa monga unandiuzira: nyama ya ng'ombe, batata ndi masamba a kove m'chiwaya chimodzi. Nditaidula, m'kati munali mofiira. Malemu amayi ako sankaphula nyama yotero, choncho ndinathira madzi, zonse n'kusanduka msuzi. Amalume ako atalawa anati, "Alamu, longedzani. Mwana uja anati mukalephera kudziphikira adzakutengani."

Sindikumvetsabe. Kodi kufiirako ndiye kupsa kwake, kapena ndinaphula msanga? Undifotokozerenso pang'onopang'ono. Koma usafulumire kudzanditenga. Chiwayacho n'cha amayi ako, ndipo ndikufuna kuphunzira kuphika pompano pomwe ankaphikira iwo.

Mulungu akusunge.
Bambo ako