Bondo la Laisoni

Nazombe, Okutobala 1947

Achimwene a Khoromana,

Ndikhulupirira muli bwino ku migodi ya ku Wankie uko. Kuno tilipo, koma mvula yayandikira ndipo munda wina sunalimidwe.

Mwana wanu Sitafodi anabwerako ku nkhondo ya ku Burma ndi masewera amene anaphunzira kwa Mtchaina wina. Munthu amatang'adza miyendo n'kunyonyomala ngati wakwera hatchi, hatchiyo palibe. Akuti zimalimbitsa mwamuna. Ndiye anakokerako mwana wanga Laisoni. Tsiku loyamba lomwelo anamutsitsa mpaka pafupi ndi dothi, mawondo atapindikira m'kati, n'kumuika mwala pantchafu. Laisoni atati, "Achimwene, bondo likubaya," Sitafodi anangoseka. "Msilikali salira. Tsika!"

Lero bondolo latupa ngati dzungu. Tamutema mphini, koma sitinaphule kanthu. Mukudziwa kuti Laisoni ali pachikamwini ku Jenala, ndipo kumeneko mkamwini wosagwira khasu sakhalitsa. Apongozi ake atumiza kale mawu kwa ankhoswe. Mawuwo sindilemba muno.

Sitafodi akuphunzitsabe ena pansi pa mtengo wa mango. Sindinamuyankhule, poti ndi magazi anu. Mulembereni inuyo, ndisanapite pamangopo ndekha.

Ndine mng'ono wanu,
Disi Namakhwa